Tsiku lomwe aViness anakhala chete

Pa Wynberg, kudziko la eni, pafupi ndi pokwerera mataxi, palibe amene sawadziwa aViness ogulitsa bonya ndi nandolo. Anachoka ku Ntcheu mu 2006, anachapa zovala ku Constantia zaka zisanu, kenaka nkuyala tebulo lawolawo. Pakamwa pawo sipatsekeka. Ukagula bonya, nkhani ndi basera.

Chaka chatha foni inalira: mwana wawo Monica, atakhala zaka khumi pabanja wopanda mphatso, wabereka mapasa kumudzi. AViness analuluta mpaka nkhunda zinabalalika, kenaka anagwira pachifuwa nkugwa chagada.

Kuchipatala dokotala anati mitsempha ili bwinobwino, koma mtima wafufuma ngati chipanda chifukwa chodzidzimuka. Makina a maginito ojambula m'thupi ndiwo aone ngati muli chipsera. Ngati mulibe, mtima ubwerera m'malo pakapita masabata, ndipo basi ya masiku atatu akwera kukaona zidzukulu. Ngati chilimo, ulendo aiwale.

Anamwino anawavula ndolo, mapini asanu ndi awiri, ndi kiyi wa kuchipinda yemwe amamanga pamkanda. Anawalowetsa m'chimphanga chogogoda ngati chigayo. AElias, ogulitsa machaja pa tebulo loyandikana, omwe anawaperekeza, anaima kuseri kwa galasi ndi woyendetsa makina.

"Gwirani mpweya, mama," anatero woyendetsayo pa maikolofoni.

"Zikomo adokotala, ndagwira."

Chithunzi chinatuluka utsi wokhawokha.

"Mama, musayankhe."

"Chabwino, sindiyankha."

Kasanu konse. AViness analeredwa kuti munthu akakuyankhula uzivomera, kukhala duu ndi mwano. Woyendetsa anayang'ana wotchi. Panja panali odwala ena atatu, ndipo danga lina linali pakatha miyezi iwiri.

AElias anapempha maikolofoni. "Mayi, tamverani. Amene akuyankhulayu, kuyambira pano mumuyese bambo ake Monica."

Bambowo anathawa ndi mkazi wa ku Balaka mu 2004, ndipo chiyambire aViness sanawayankhepo ngakhale moni.

"Gwirani mpweya," anateronso woyendetsa uja.

Zii. Ngakhale chikope sichinaphethire.

Zithunzi zinatuluka zowala: chipsera mulibe, kutupa chabe.

Atatuluka, aViness anatsonya. "AElias inu, bwanji osayamba ndi zimenezo? Munthu uja ndingamugwirire mpweya mpaka Khirisimasi."

Patatha masabata asanu ndi limodzi anakwera basi. Akuti mnzawo wapampando anatsikira pa Mwanza, chonsecho tikiti yake inali ya ku Lilongwe.