Kugogoda Katatu kwa Lorene

Mlongo wanga Lorene watha zaka zisanu ndi zinayi akukwawa m'mimba mwa ndege yomwe sinaulukepo. Amuna ake, a Arlo, akuipanga okha m'galaja kuno ku Wisconsin, galimoto n'kumagona panja chisanu chonsechi.

Riveti, kamsomali kolumikizira malata a ndege, samenya munthu mmodzi. Alamu amaima kunja ndi mfuti ya mphepo, Lorene amalowa mkati n'kutsamiritsa chitsulo cholemera kuseri kwa lata. Paphokoso limenelo simungamvane, ndiye iye amagogoda. Kamodzi, menyaninso. Kawiri, yakhala bwino. Katatu, yapindika, ibooleni tiyambirenso.

Ine ndakalambira pa ntchito yokonza ndege, koma sindinaonepo munthu wogogoda katatu ngati mlongo wangayu. Tsiku lina alamu atachokapo, ndinalowetsa tochi ndi kagalasi kumchira. Mtima unangoti myuu! Mabowo ambiri anali atakula, ena atatalika ngati dzira.

"Iwe Lorene, mariveti onse munachotsawa ankalakwa chiyani?"

"Palibe, achimwene." Anayang'ana pansi. "Ikatha ndegeyi akwera. Munthu wofunafuna magalasi ali pamphumi pake! Ine ndimangofuna ichedwe."

"Nanga sudziwa kuti kuboola kulikonse kumakulitsa bowo? Riveti imagwedera, lata limang'aluka. Mchira uwu ungathothoke mwamuna wako ali m'mwamba."

Khofi amene anali naye m'manja anamutayikira pamiyendo, osamva n'kutentha komwe. Ndinamukalipira ndithu.

Lorene anaulula yekha kwa amuna ake pa chakudya chamadzulo. Alamu anayamba atafuna kaye nyama yawo mpaka kumeza.

"Mayi, bwanji osangonena?"

"Ndinanena kangati, bambo? Makutu anu anatha ndi chimfuti chanucho."

"Malata ndiitanitsa atsopano. Kuuluka kokha ndiuluka. Koma mkatimo muzilowa inuyo, wina sindingamukhulupirire."

Ndinafuna kuwagenda ndi mbale, nkhalamba zouma mitu, koma mlendo sathyola mphasa.

Loweruka lapitali ndinakaima pakhomo la galaja. Mfuti inalira, kenako zii. Lorene anachedwa, ine thukuta kamukamu. Akudziwa tsopano kuti riveti yabwino ikufulumizitsa tsiku limene amaliopa, ndipo kunama kungamuphere mwamuna.

Anagogoda kawiri. Alamu anasunthira pa bowo lotsatira akuimba mluzu, osamva kuti munthu akulira mkatimo. Kwatsala mariveti mazana anayi.