Agologolo a mu muula wathu

Amuna anga atapuma pa ntchito ya uphunzitsi, tinasiya nyumba ya sukulu n'kusamukira pa kamunda kathu kufupi ndi Chalimbana. Kuseri kwa nyumba yatsopanoyo kunali mtengo waukulu umene amisiri anafuna kuugwetsa kuti apeze pofutukulira khitchini. Ine ndinakana, chifukwa ndinkafuna mthunzi wochapirapo. Kwathu ku Katete mtengowu timati muula, koma kuno aliyense amati mpundu.

Chaka choyamba munali agologolo awiri okha. Ndinkawaona m'mawa ndikamasesa, ali pa nthambi ya kum'mawa kuothera dzuwa, michira itagona pamsana. Ndikayandikira ankandikalipira, tcheke tcheke tcheke, mchira ukugwedezeka ngati chala cha munthu wolozera wakuba. Amuna anga ankaseka nazo.

"Asiyeni, amai," ankatero. "Eni ake a pano ndi amenewa. Ife tinawapeza."

Kenaka kunabwera chaka chimene muula unabereka mopanda manyazi. Nthawi yotentha itayamba, nthambi zinawerama, maula n'kumagwa pa malata a bafa ngati matalala. Pabwalo ponse pankanunkhira zotsekemera zoyamba kusasa. Ndinatola odzaza mabeseni, ndinafinya ena m'phala, ena ndinagawira azimayi a ku tchalitchi mpaka anayamba kundithawa akandiona ndanyamula thumba. Agologolo aja sankasamala kwambiri za mnofu. Iwo ankafuna mtedza wa m'kati mwa nthangala, imene ndi yolimba moti ife timaswa ndi mwala. Tsiku lonse kunkamveka kukukuta kumwamba, ndipo pansi pankagwa zikhokho zobooledwa bwinobwino. Ananenepa mpaka masaya kutukumuka. Ndinkawaonanso akukumba timaenje m'mphepete mwa mpanda wa udzu, kukwirira nthangala, n'kupondaponda ndi timanja.

Chaka chotsatira tinaona chimene kukhuta kumabala. Agologolowo sindinawawerenge, ndipo sakanawerengeka, chifukwa palibe amene ankakhala malo amodzi. Panali akulu, achinyamata, ndi ting'onoting'ono tothamangitsana mozungulira thunthu. Muula chaka chimenecho unapuma, unabereka pang'ono chabe, choncho khamu lonselo linatembenukira kwa ife. Nshawa zimene ndinayanika pa thandala zinkachepa ndikuziyang'ana. Mapapaya ankabooledwa asanapse. Ena anapeza mpata pansi pa malata n'kulowa m'siling'i, moti masana tikamapumula tinkamva ngati kumwambako kuli mpikisano wa njinga.

Amuna anga anapirira zonsezi mpaka Loweruka lina masana, pamene ankaonera mpira. Timu yawo inali pafupi kumenya penati, wailesi ya kanema n'kuzima. Atakwera pa makwerero anapeza waya wa sola utadulidwa ndi mano. Anatsika nkhope ili gwa.

"Amai, nkhondo yayamba."

"Ndi eni ake a pano?"

Anangonyamula makwerero n'kukawabweza.

Kutsidya kwa mpanda kumakhala mayi wina wamasiye, Msoli mtundu wake, wobadwira konkuno, wamsinkhu wanga, amene tinazolowerana naye kuyambira tsiku lofika. Timangoitanana kuti ba neba. Iye atamva za nkhondoyo anabwera kudzatsamira pa mpanda, akuseka.

"Ba ticha, vuto ili kuti? Imwe ba kum'mawa si mumadya mbeba? Aka ni kambeba chabe, kanavala mchila wa pa Sande. Gwilani, muike mu poto."

"Ba neba, mbewa ndi mbewa," anatero amuna anga mwaulemu wonse wa mphunzitsi wamkulu. "Izi ndi zigawenga."

Anayamba ndi diwa, monga ankatchera ali mnyamata: mwala waphanthiphanthi, kamtengo, kachingwe, ndi nshawa yokazinga ngati nyambo. Agologolo anadya nyambo, mwala uli chiimire. Atakonza kuti ukhale wofewa kugwa, unagwira buluzi. Ulendo wachitatu unagwira chala chawo chachikulu, ndipo Lamulungu lotsatira anawerenga mawu ku tchalitchi dzanja lili m'nsanza. Anthu atafunsa, anangoti ndi ntchito za pa munda.

Ba neba anatimvera chisoni n'kuitanitsa mphaka kwa mlongo wawo ku Bundabunda. Mphakayo anafika m'thumba, pa njinga, ali ndi mbiri yoti anamaliza makoswe a m'nkhokwe zitatu. Anali wamkulu, wakuda, khutu limodzi long'ambika. Tsiku loyamba anayenda monyang'wa kupita pansi pa muula. Agologolo onse anasonkhana pa nthambi za pamwamba pake n'kuyamba kumutukwana pamodzi, phokoso lake ngati msika wa Chongwe pa tsiku lotsegula mabelo a zovala. Mphaka anayang'ana kumwamba, anayang'ana ife, n'kubwerera m'khitchini. Kuyambira pamenepo ntchito yake inali kugona pafupi ndi mbaula ndi kundibera kapenta.

Zitatero amuna anga anati mtengo udulidwe. Apa ndiye tinakangana zenizeni, osati zoseka. Ndinawauza kuti akagwetsa muula, azichapa okha padzuwa, ndipo ine ndikakhala kwa mwana wathu ku Lusaka mpaka mtengo wina utakula. Tinatha masiku tikulankhulana za mchere ndi madzi osamba basi. Pamapeto pake anadula nthambi imodzi yokha imene inkakhudza denga, natseka mipata ya pansi pa malata ndi sefa ya waya. M'siling'i munakhala bata. Nshawa ndinayamba kuyanika kumaso kwa nyumba, iwo atakhala pambali ndi nyuzipepala ndi kabango kakatali.

Amene anathetsa nkhondoyo si ife. Kunabwera chilala chija chimene chimanga chinauma chisanamasule. Muula unachita maluwa, koma timaula tinayoyoka tili tating'ono. Anthu atasowa chokolola anatembenukira ku makala, ndipo tchire la kutsidya kwa kamtsinje, kumene agologolo ankathawira, linasanduka zitsa. Tinayamba kuwaona akutsika masana kudzamwa m'beseni la nkhuku, atawonda, ubweya utanyankhalala, osakalipiranso munthu. Kabawi ankazungulira pamwamba tsiku ndi tsiku. Kaya anafa, kaya anasamuka, sindidziwa. Pofika nyengo yozizira mtengo unali zii.

"Zatha bwino," anatero amuna anga. "Tsopano tipume."

Koma sanaoneke ngati munthu wopuma. Ankatulutsa mpando kuseri, kumene kale sankakhalako, nyuzipepala ili pamwendo osaitsegula. Ndiye ndinaona kuti nshawa zanga za mbewu, zimene ndinasunga m'chigubu, zikutsika. Ndinayamba kukayikira mphaka, ngakhale mphaka sadya nshawa. M'mawa wina ndikuchokera ku dimba ndinapeza amuna anga ataima pa njerwa, akuthira nshawa pa mphanda ya muula.

"Abambo, mukuchita chiyani?"

Anatsika pa njerwa pang'onopang'ono. "Ndi za nkhuku."

"Nkhuku zathu zinayamba liti kudyera m'mwamba?"

Anapukuta manja pa buluku. "Mwina wina angadutse," anatero motsitsa mawu. "Aone kuti pano pakadali anthu."

Sindinawaseke, ngakhale ndinafuna. Ndinangowapatsa nshawa zosweka za m'lichero kuti asiye za mbewu. Amene anakondwera ndi akhwangwala, omwe anazolowera kufika nthawi ya tiyi. Ba neba atamva anagwira pakamwa.

"Shuwa ba ticha? Chaka chatha munali kufuna kubapaya, lelo mubapikila?"

Mvula yotsatira inagwa bwino, ndipo nthawi yotentha itabweranso muula unabereka, osati mopenga ngati kale, koma mokwanira. Tsiku lina ndili kuthirira repu ndinamva amuna anga akundiitana ndi mawu onong'ona koma amphamvu, dzanja likukupiza. Ndinathamanga ndi khasu poganiza kuti ndi njoka. Anandigwira pamkono n'kuloza. Pa nthambi panali gologolo mmodzi, wamng'ono thupi, mchira wake woduka theka, atagwira nthangala ndi manja awiri. Anatiyang'ana, anaganiza, n'kupitiriza kukukuta. Tinaima pamenepo ngati ana, madzi akusefukira mu repu.

Patapita milungu anabwera wina, kenaka enanso. Lero alipo ochepa, oti munthu angathe kuwadziwa nkhope, ndipo amuna anga amawadziwadi. Amandiuza amene ali waulesi, amene amaba za anzake, ndi amene saopa mphaka. Papaya limodzi pa mtengo uliwonse amati ndi la iwo, ngakhale agologolowo sanauzidwe kuti ndi liti.

Mwezi wathawu wa mchira woduka uja anaberekera m'phanga la thunthu. Kuyambira pamenepo kwakhazikitsidwa lamulo lakuti pansi pa muula pasatenthedwe zinyalala, chifukwa utsi ungatsamwitse ana. Dzenje latsopano amuna anga anakumba okha, kutali, kuseri kwa khola la mbuzi. M'mawa uliwonse ndimanyamula zinyalala kudutsa munda wonse, mame akunyowetsa chitenje, ndikung'ung'udza njira yonse, iwo ali pa mpando wawo khosi lili m'mwamba.