Mawu a Chilatini M'chigafa cha Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene amayi anamwalira, ndipo ndi chaka chomwecho pamene ndinaphunzira mawu amodzi okha a Chilatini amene ndimadziwa mpaka lero. Sanandipezetse ntchito. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, panopa ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa Malomo, ndipo palibe wogula amene anandifunsapo za Chilatini. Masamu ndi mayina a mitsinje zinachoka kalekale m'mutu mwanga, koma mawu amenewa anakanirira.

Atate anali mkamwini. Kwawo kunali ku Nachisaka, ku Dowa, ndipo anabwera kudzakwatira kumudzi kwa amayi, m'mapiri a ku Ntchisi. Munda umene ankalima unali wa amayi. Malo a nyumba anali a amayi. Ngakhale ine, mwana wawo mmodzi yekha, ndinali wa kuchikazi. Pamudzi ankawatchula kuti a Seminale, mowaseka, chifukwa ali mnyamata anakhalako zaka zitatu ku seminale asanabwezedwe, pa chifukwa chimene sanandiuzepo. Anabwerako ndi kabuku kothothoka chikuto, komanso chizolowezi chokhala chete anthu ena akamayankhula.

Amayi anatisiya mu Febuluwale, fodya akukhwima m'munda. Mwambo wa kumeta utatha, atsibweni anga a Filipo, mlongo wawo wamkulu wa amayi, anaitanira atate kuseri kwa nyumba. Ine ndinabisala pankhokwe n'kumamvetsera.

"Alamu, ife sitikukuthamangitsani," anatero a Filipo. "Fodya uyu munabzala ndi malemu, mumalize. Mukadinda belo lomaliza tidzakusudzulani mwaulemu, muzipita kwanu mukaone zina."

"Ndamva, alamu," anayankha atate. Wina anandiitana kuti ndikatunge madzi, ndipo zotsalazo sindinazimve.

Madzulo ake ndinawafunsa kuti, "Atate, tikamapita ku Nachisaka mbuzi titenga?"

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Timalize kaye fodya."

Ine ndinamva ngati avomera. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga unali ku Nachisaka, kumene ndinali ndisanafikeko n'kamodzi komwe. Pamudzi panali patandikwana. Azimayi ankandiyang'ana mwachisoni, n'kupukusa mitu, kenako n'kundituma kudambo. Anzanga anasiya kubwera kwathu, ngati imfa imapatsirana. M'nyumba munali zii, chitenje cha amayi chidakali pachingwe pomwe anachisiya. Ndinkafuna kuchoka, ndipo chimene chinkanditchinga chinali fodya basi.

Amene sanalimepo fodya sadziwa kuti kuthyola ndi kusoka si ntchito yovuta kwenikweni. Yovuta imabwera masamba akauma pamikangala, m'chigafa. Tsamba louma silikhudzidwa. Ukangoligwira limafumbutuka m'manja ngati chikhungwa cha mtedza. Kuti ulitsitse, ulisankhe, ulimange m'timitolo, liyenera kuyamba lafewa. Anzathu onse pamudzi ankanyowetsa pansi pa chigafa, n'kupachika ziguduli zonyowa m'mbali, ena n'kuwazako madzi pang'ono ndi tsache, motero ankagwira ntchito tsiku lonse. Pofika pakati pa Meyi mabelo awo anali atakwera kale ngolo.

Atate ankakana zonsezo. Iwo ankadikira chifunga. Chikatsika kuphiri m'mamawa, ankandidzutsa, tinkakhala m'chigafa zala zili gwa ndi kuzizira, n'kumasankha tsamba limodzilimodzi. Dzuwa likangotulukira pamwamba pa phiri ankagwira tsamba, n'kunena kuti, "Basi, wauma," n'kudzambatuka. Tsiku lopanda chifunga sitinkakhudza kanthu. Ankangosema mipini pakhonde, kapena kundiperekeza kusukulu mpaka pamlatho, ngati ndine mwana wa Sitandade 1. Zinkandinyansa.

Mmawa wina, nditapsa mtima, ndinakoka tsamba lalikulu lomwe linali litapindika, ndipo linang'ambika pakati. Atate anagwira dzanja langa.

"Osalikoka. Taona."

Anatenga tsamba lina n'kuliyala pabondo pawo. Anayendetsa chikhatho kuchokera kuphesi kupita kunsonga, pang'onopang'ono, kawiri, katatu, mpaka tsamba lija linatambasuka lokha, lofiirira, lonunkhira ngati uchi wopserera. Kenako anatola kamtengo n'kulemba pafumbi: mulcere. Powerenga anati mulichere.

"Ndi Chilatini chimenecho," anatero. "Ndi chimene ndachitachi. Kusisita, kufewetsa, kutonthoza. Kwa ife ndi mawu atatu, kwa iwo anali amodzi."

"Ndiye anthu akewo ankalima fodya?"

Anaseka. Kanali koyamba kuwamva akuseka chiikireni maliro. "Ayi. Koma anali ndi ng'ombe zolusa, ndi apongozi."

Mmawa umenewo anayankhula zambiri kuposa mwezi wonse. Anati mawuwa ankawanena munthu akamayendetsa dzanja pakhosi pa ng'ombe kuti ilole goli. Ankawanena za kamphepo kayaziyazi kakamadutsa pa udzu osauthyola, za nyimbo yogonekera mwana, za mawu amene umauza munthu wokwiya mpaka nkhope yake itamasuka. Anati si mawu osulira khasu kapena oswera mwala. Ndi a chinthu chamoyo, kapena chimene chingathyoke. Ndipo palibe amene angachite zimenezo akuthamanga.

Ine ndinamvetsera, n'kuyankha kuti, "Kwa atsibweni amaliza kale."

"A Filipo ndi a Filipo," anatero, n'kutenga tsamba lina.

Juni atalowa tinali tisanafike ndi theka lomwe. Kenako kunabwera uthenga wa maliro a msuweni wa atate ku Nachisaka. Ananyamuka panjinga Lachinayi, nati abwerako Lolemba. Ali pachishalo anatembenuka n'kunena kuti, "Sesiliya, m'chigafa usalowemo." Ndinagwedeza mutu, koma maganizo ndinali nditamanga kale.

Lachisanu sindinapite kusukulu. Ndinatenga keni yothirira kudimba, n'kuyamba kutunga pachitsime cha kudambo. Ndinkaganiza kuti ngati tsache lonyowa limathandiza a Filipo kugwira tsiku lonse, keni yodzaza itithandiza kumaliza sabata imodzi. Ndinathira fodya ali pamikangala mpaka madzi akuchucha. Masamba anafewa ngati nsalu, ndipo ndinasangalala kwambiri. Ndinawatsitsa, n'kuwaunjika pakona mulu wondipitirira msinkhu, n'kuphimba ndi pepala lakuda lapulasitiki kuti asaumenso, m'mbali n'kutsendereza ndi njerwa. Palibe amene anandiona. Palibe amene ankayang'ana kwathu masiku amenewo. Ndinamaliza dzuwa litapendeka, msana ukuwawa, ndikuganiza za nkhope ya atate akadzaona kuti ntchito yatsala ya masiku atatu.

Lolemba masana fungo linawalandira asanatsike n'komwe panjinga. Linali fungo la m'khola la mbuzi nthawi ya dzinja. Ine ndinali nditalimva kuyambira Lamulungu, koma ndinkaopa kuvundukula. Analowa m'chigafa, anachotsa njerwa imodziimodzi, n'kukweza pepala lija. Munatuluka nthunzi. Analowetsa dzanja pakati pa mulu n'kulitulutsa msanga, chifukwa munali motentha. Masamba anali atada bii, atamatirirana, ena atachita chuku choyera.

Anatembenukira kwa ine. Ndinadikira mbama. Ndinkaifuna ndithu, kuti zithe.

"Anakuthandiza kutunga ndani?"

"Ndekha."

"Maulendo angati?"

"Khumi ndi anayi."

"Unatopa ndithu," anatero, n'kuyamba kusanthula mulu uja, kufunafuna masamba a pamwamba amene akanapulumuka. Anali ochepa.

A Filipo anafika fungo litawapeza kwawo. Anaima pakhomo pa chigafa atagwira mphuno.

"Alamu, ndi fodya ameneyu kapena mwayamba kupanga manyowa? Kapena Chilatini chija chimati muzimuphika kaye?"

"Ndinalakwitsa ndine, alamu," anatero atate osadzutsa mutu. "Ndinamuunjika ali wonyowa, ndikuthamangira kumaliro."

"Ha! Zaka zonsezi pamudzi pano, fodya osamudziwabe." Anaseka, n'kundiyang'ana ine, n'kumapita.

Fodya wotsala pamikangala anali wochepa kwambiri. Ngakhale ndi chifunga cha atate chija, anatha m'masiku asanu. Atate anadinda, ngolo inabwera, ndipo sabata yotsatira kunafika amuna awiri ochokera ku Nachisaka. Akuluakulu anakhala pamphasa, anakambirana, anawomba m'manja, nkhuku inaphedwa. Ine ndinali nditalongedza kale madilesi anga awiri, yunifolomu ndi chitenje cha amayi m'jumbo, ndipo ndinakhala nalo pakhonde kuyambira m'mawa.

Atate anatuluka ndi sutikesi n'kuimangirira pakaliyala ndi mphira. Atatembenuka anaona jumbo langa. Anabwera n'kunjuta patsogolo panga.

"Iwe ukhala, Sesiliya. Kwanu ndi kuno."

"Munati timalize fodya."

"Ndinatero."

Anaika dzanja pamutu panga n'kuyamba kuliyendetsa pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi tsamba. Ndinalikankha mwamphamvu.

"Musandikhudze."

Anadzuka. Njira yochoka kwathu ndi yokwera, ndiye njinga anachita kukankha, abale awo aja ali patsogolo. Ndinawaona mpaka pamene njira imakhotera kuseri kwa mabulugamu. Sindinawaperekeze.

Ndinasamukira kwa atsibweni, n'kumagona ndi ana awo aakazi atatu pamphasa imodzi, ine kumapeto, kufupi ndi chitseko. Kabuku kaja atate anandisiyira, koma a Filipo anakapeza n'kuona kuti mapepala ake ndi opyapyala, abwino kupichirira fodya. Kanatha m'miyezi iwiri. Atate anabwera kawiri, nthawi ya Khirisimasi, ndi sopo ndi makope. Ndinkawayankha kuti inde, ayi, ndili bwino, maso ali pansi. Iwo ankaganiza kuti ndidakali wokwiya. Ine ndinkachita manyazi, chifukwa ndinkakhulupirira kuti anandisiya kaamba ka fodya amene ndinawoletsa, kuti akanakhala ndi mabelo okwanira akanatha kuima pamaso pa a Filipo n'kundipempha. Anamwalira ndili Fomu 1. Uthenga unandipeza ataikidwa kale.

Ndinakhala ndi maganizo amenewo zaka khumi. Chaka chatha amayi aang'ono, a Rozina, anakhala pabenchi langa pa Malomo akudikira minibasi. Wina anadutsa ndi mabelo pangolo, ndipo iwo anayamba kuseka okha.

"Ndakumbukira a Seminale, bambo ako. Munthu uja anatiseketsa chaka chija."

"Anakuseketsani chiyani?"

"Iwe, mpaka pano sukudziwa? Fodya uja anali wa masabata awiri, mwana iwe. Ankachita dala! Achimwene a Filipo anawauziratu tsiku lomwe lija kuti mwana sachoka pamudzi, kaya adinde mabelo zana. Ndiye iwo ndi chifunga chawocho, lero masamba khumi, mawa mutu ukuwawa. Ankafuna afike naye Ogasiti, msika utatsala pang'ono kutseka. Mudzi wonse unkadziwa. Achimwene ankangotukwana m'nyumba, koma akanatani, poti anali atalonjeza okha?" Anapukuta misozi ya kuseka ndi chitenje. "Tandiwonjezera tomato mmodzi apa, usaume manja ngati atsibweni ako."

Ndinawawonjezera. Minibasi inabwera, anakwera, ndipo ine ndinakhala pabenchi paja mpaka msika unatha, osaitanira wogula ndi mmodzi yemwe.

Anthu amakonda kunena kuti mwana salakwa, kuti ndinali wamng'ono, kuti ndidzikhululukire. Zimenezo akauze ena. Ndikudziwa chimene ndinachita. Sindinawonongetse ulendo wa ku Nachisaka, chifukwa ulendowo kunalibe. Ndinawononga Juni yense, Julayi yense, mwina ndi theka la Ogasiti. Mmawa uliwonse wa miyezi imeneyo ukanakhala wa ine ndi iwo m'chigafa, ndipo sindikudziwa kuti akanandiuza mawu ena angati.

Mtima wanga sunasinthe kwenikweni. Ndimapsa msanga, ogula amandidziwa, ndipo wonenerera kwambiri ndimamuuza kuti apite kwina. Koma tsopano ndikumvetsa kuti mmawa uja atate sankandiphunzitsa fodya, kapena Chilatini. Anali mkamwini wopanda munda, wopanda mawu pabwalo, amene ankadziwa kuti mwana wake amulanda ndipo palibe chimene angachite. Nkhani yowawayo sakanatha kuichotsa. Ankangoyesa kuifewetsa, kuti ikadzandifika isandithyole, ndipo ntchito imeneyo inkafuna masiku ambiri. Ine ndinawapatsa asanu.