Nati ya Ethi pa Galimoto ya Apongozi

Achimwene anga anthu amawatcha a Mawaya, moti dzina lawo lenileni ngakhale ine ndimachita kulifunafuna m'mutu. Ntchito yawo ndi ya magetsi a galimoto. Kale ukafika pashedi pawo unkapeza galimoto zitandanda mpaka kumsewu, iwo atagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili kunja, kababu koyezera moto atakaluma pakamwa. Masiku ano pashedipo pamagona agalu.

Chawagwetsa ndi galimoto imodzi yokha, ya apongozi awo aamuna. Ndi kagalimoto kakale kofiira, ka zitseko ziwiri, kafupi ngati kakukwawa, koma liwiro lake losaneneka. Mkuluyo anakagula magazi akadali kuwira. Tsopano maso achita ng'ala, koma iye sakuvomera. Tsiku lina anakatulutsa n'kukagumula geti la aneba. Alamu anga, akazi a achimwene, pamodzi ndi amayi awo anawapanikizira achimwene pakona.

"Muiphe galimotoyi," anatero alamu. "Koma bambo asadziwe. Tikawalanda makiyi afa ndi mtima."

Achimwene mawu oti ayi sanawaphunzire. Analowa pansi n'kumasula nati ya ethi, lamba uja wa mawaya olukana amene amalumikiza injini ku thupi la galimoto kuti moto uzibwerera ku batire. Pachitsulo pamene lambayo amagunda anapakapo penti, nati n'kuibwezera mwachiphamaso. Kuyambira pamenepo, ukapotoza kiyi sitata imangoti kwe, magetsi n'kuzilala, basi.

Nanga mkuluyo akanaitananso ndani, mkamwini wake ali katswiri? Loweruka lililonse achimwene amapita kukasaka vuto limene anaika okha. Amasuzumira mafyuzi abwinobwino. Amapala mitu ya batire yowala kale. Amatsata waya kuchokera pa kiyi mpaka pa sitata, n'kumapukusa mutu ngati zawazunguza. Mkuluyo amakhala pampando m'galaja momwemo, ndodo pakati pa miyendo, pakamwa osapuma.

"Akamwini, kodi sukulu ya mawayayi munaphunzirira pawindo?"

Zikanathera m'galaja, bwenzi zili bwino. Koma mkuluyo ali ndi anzake, madalaivala akale, ndipo pakamwa pawo palibe chitseko. Nkhani inafika pamalo oimikira matakisi kuti a Mawaya atha, kagalimoto kamodzi kawakanika. Makasitomala anayamba kudutsa akuyang'ana kumbali. Ine zimandiwawa kwabasi. Ndinapita kukawauza alamu kuti akupha amuna awo ndi njala pofuna kusunga bambo awo.

"Ndiye mukufuna tikawatole m'ngalande?" anandifunsa.

Ndinabwerako nditaluma mano.

Loweruka lina achimwene zinawakwana. Anaika sipanala m'thumba n'kundiuza kuti, "Lero ndikukapala penti ija, ndimange nati. Zivute zitani." Akuti atafika kwa apongoziwo n'kungolowa pansi pa galimoto, ndodo ya mkuluyo inawagogoda kuphazi.

"Akamwini, tatulukani kaye."

Mkuluyo anapapasa n'kukhala pachiwongolero. Anapotoza kiyi n'kuigwira choncho kwa kanthawi. Kenako anatenga dzanja la achimwene n'kuliika pa waya wa choki, uja amakoka poliza injini kukazizira. Unali wotentha.

"Moto ukasowa njira yake umadzera kumeneku," anatero motsitsa mawu. "Galimoto ndinayamba kuzigwira inu musanabadwe. Ethi yanuyo ndinaipeza ndi zala, penti ikadanunkha."

Achimwene akuti anafuna nthaka iwameze. "Nanga bwanji simunanene, bambo?"

"Ikangolira, amayi anu aigulitsa mawa lake. Yakufayi palibe angaigule. Komanso ikalira, inu mudzabweranso kudzatani kuno? Ana anga enieni amangondipatsa moni ali pakhomo. Isiyeni natiyo. Ndipo azimayiwa asadziwe kuti ndikudziwa."

"Koma bambo, dzina langa likufa kunjaku. Pashedi sipakubweranso munthu."

Panja panamveka masilipasi a apongozi aakazi akubwera ndi tiyi. Nthawi yomweyo mkuluyo anakweza mawu kuti amveke mpaka kumsewu:

"Mbuli yeniyeni iyi! Mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wosadziwa ngakhale fyuzi!"

Achimwene akuti pamene mkuluyo ankakalipa choncho, dzanja lake linali likadawagwira pamkono, mwamphamvu. Sipanala anaibwezera m'thumba. Loweruka likubwerali apitanso kukapala mitu ya batire.