Mawu a Elina m'kamwa mwa NyaLongwe

Ntchito yofalitsa nkhani za umoyo ndinaiyamba ndili ndi imvi kale. Zaka zambiri ndinali mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ina kuno ku Mzuzu. Mkazi wanga Elina atamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero, nyumba yathu ya ku Nkhorongo inandikulira, ndipo pothawa kuti zii kwa m'nyumbamo ndinalembetsa maphunziro a utolankhani a pa tchuthi ku yunivesite. Inali nthawi imene mzinda unkatambasuka tsiku ndi tsiku. Kumene tinkaona minda ya chimanga ku Lupaso kunkamera nyumba za lendi za ophunzira, ndipo mabungwe akunja ankatsegula maofesi.

Tsiku lina titaweruka mapemphero, mkulu wa mpingo mnzanga anandipatsira kachidutswa ka nyuzipepala. Bungwe lina la zaumoyo, lomwe likulu lake lili kunja, linkafuna munthu wolemba Chingerezi ndi Chichewa, womvanso Chitumbuka. Ine kwathu ndi ku Dedza, koma Chitumbuka anandiphunzitsa Elina. Atandifunsa chifukwa chimene ndinkafunira ntchitoyo, ndinayankha kuti sindifuna amayi ena afe imfa ya mkazi wanga. Sindinaname.

Bwana wanga anali Mayi Msiska, munthu wachangu, wosazungulira polankhula. Tsiku loyamba anandipatsa kamera, karekoda kokwana m'thumba la malaya, laputopu, mndandanda wa manambala a atolankhani, ndi faelo ya mafomu a chilolezo. Anagogoda faeloyo ndi chala.

"A Mbewe, munthu asanasaine apa, kamera isatuluke m'chikwama. Mwamva?"

Ntchito inkayenda motere. Ndinkapita kukacheza ndi munthu amene wathandizidwa ndi pulogalamu yathu, n'kumuwerengera fomu m'chiyankhulo chake, iye n'kusaina kapena kudinda chala. Kenako ndinkajambula mawu ndi chithunzi. Ndikabwerera ku ofesi ndinkalemba chikalata cha atolankhani m'Chingerezi ndi m'Chichewa, pamwamba n'kuikapo tsiku ndi ola lomwe nkhaniyo iyenera kutuluka. Chisanatumizidwe chinkadutsa m'manja anayi. Mayi Msiska ankaona kalembedwe, dokotala wa pulogalamu ankaona mawu a zachipatala, a ku Lilongwe ankaona ngati unduna tautchula pamalo pake, ndipo a kulikulu ankaona chizindikiro cha bungwe. Palibe amene ankamvera rekoda. Onse ankakhulupirira ine.

Panalinso chizolowezi china chimene anthu akunja kwa ntchitoyi sachidziwa. Mawu a mabwana timawalemba ndife. Mkulu asanaime pamsonkhano, ife timakhala titalemba kale kuti "iye anati", mwini wake n'kuwerenga, n'kuvomereza. Pamenepo palibe chinyengo. Koma dzanja likazolowera kulembera anthu mawu, limayamba kuiwala kuti mwini wake ayenera kuwaona.

M'mwezi wanga wachisanu tinali ndi sabata yolimbikitsa amayi kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Namwino wina anandilozera mayi wa ku Chibanja, NyaLongwe, wochokera ku Nkhata Bay, mkazi wa kalipentala wina, bambo Gondwe. Mayiyu anapezeka ndi zizindikiro zoyamba, anathandizidwa msanga, ndipo kuyambira pamenepo ankabweretsa anzake a kumpingo kudzayezetsa. Tinakhala pakhonde la kiliniki. Anasaina fomu mosavuta, n'kuyankhula mphindi zinayi zokha, Chitumbuka chosakaniza ndi Chichewa. Anati anamva za kuyezetsa kwa amayi anzake, anauza amuna ake, iwo anasiya ntchito n'kumutengera ku kiliniki pa njinga yawo, anamwino anamuthandiza tsiku lomwelo, ndipo tsopano ali bwino.

"Basi, adada. Yewo chomene."

Mayi Msiska atawerenga zimene ndinalemba anagwedeza mutu.

"Ili ndi lipoti la kuchipatala, a Mbewe. Mtima wake uli kuti? Ndikufuna mayi akamva pa wailesi asiye kusenda mbatata. Bwererani mukamufunsenso."

Anandiuza kuti ndibwerere. Ndikufuna zimenezi zimveke, chifukwa mlandu si wawo. Koma kunja kunkagwa mvula ija ya ku Mzuzu yosadziwa kukata, nkhani inkafunika ku Lilongwe isanakwane folo koloko, ndipo ine ndinali ndi mawu ena mumtima amene ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale ana anga. Kutatsala sabata kuti amwalire, Elina anandiuza m'chipatala kuti anataya magazi chaka chathunthu osandiuza. Ankachapa nsalu zake ine nditapita kusukulu. Ankaopa kuti ndiganiza kuti wayenda ndi mwamuna wina.

Ndinatsegula laputopu n'kulemba mawu amenewo pansi pa dzina la NyaLongwe. Za njinga ya bambo Gondwe ndinazichotsa, chifukwa sizinkagwirizana ndi nkhani yatsopanoyo. Ndinadziuza kuti si bodza, pakuti mayi weniweni anawanenadi mawuwa, ndipo apulumutsa ena. Ndinafika poganiza kuti mwina Mulungu akugwiritsa ntchito imfa ya Elina. Munthu wopemphera akafuna kuchimwa, mavesi samusowa.

Nkhani inadutsa m'manja onse anayi popanda funso. Lachisanu wailesi ina ya mumzinda inaiwerenga pa nkhani za masana, dzina la mayiyo ndi dera lake zonse poyera. Nyuzipepala inatulutsa chithunzi chake. A kulikulu anatumiza uthenga woyamikira, n'kuika nkhaniyo pa tsamba lawo la pa intaneti. Lamlungu ndinaimba nyimbo m'tchalitchi ndi mtima wopepuka.

Lolemba m'mawa mlonda anandiuza kuti pali mlendo. NyaLongwe anali ataima pakhomo pa ofesi, chitenje chonyowa m'munsi, kope la fomu ija lili m'manja. Moni wanga sanauyankhe.

"Adada, munditsegulire kawailesi kanu kaja. Ndikufuna ndimve pamene ndinanena kuti ndinkachapa nsalu mobisa."

Mayi Msiska anamulowetsa n'kumupatsa mpando. NyaLongwe anafotokoza modekha. Amuna ake anamva nkhaniyo ali mu shedi, anzawo ali pomwepo. Atafika kunyumba anamuuza kuti atenge zovala apite kwa mchimwene wake ku Lupaso, adikire Loweruka kuti athenga, amene kwathu timati ankhoswe, adzakambe za banjalo. Ana atatu anatsala ku Chibanja.

Chimene ndinachita pamenepo ndicho chimandiwawa kwambiri. Ndinatsegula faelo n'kuloza siginecha yake.

"Mayi, paja munasaina apa."

"Ndinasainira nkhope yanga ndi mawu anga. A munthu wina yayi."

Ndinayesanso njira ina. Ndinati mwina potanthauzira Chitumbuka china chake chinasokonekera. Mayi Msiska, amene Chitumbuka anayamwira, anatambasula dzanja. Ndinawapatsa rekoda. Tinamvera mphindi zinayi zonse, mvula ikumveka padenga la kiliniki, mpaka pa "yewo chomene". Anazimitsa.

"A Mbewe, zinazo munazitenga kuti?"

"Ndinawonjezera."

Sindinanene kumene ndinazitenga. NyaLongwe anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndipo ndinu akulu a mpingo, ati?"

Mayi Msiska sanakalipe. Anati iwo ayimbira wailesi, nyuzipepala, ku Lilongwe ndi kulikulu kuti nkhaniyo ichotsedwe ndipo atulutse uthenga wokonza cholakwikacho.

"Koma wailesi siimanga banja. Inu pitani ku Chibanja. Galimoto ya bungwe musatenge, anthu aona kale zokwanira."

Ndinafunsa NyaLongwe ngati tipitire limodzi. Anakana.

"Anandithamangitsa ndi iwo. Adzanditenge ndi iwo."

Ndinakwera kabaza mpaka pamene msewu unathera, n'kuyenda m'matope. Shedi ya bambo Gondwe inali yodzaza zitseko ndi mafelemu a nyumba zatsopano. Iwo anali akupala thabwa, anzawo awiri akukhoma chapambali. Ndinaodira n'kudzitchula dzina ndi ntchito yanga. Mmodzi wa anzawowo anaseka.

"Ndi awa akuwailesi? Gondwe, abwera kudzakujambula iwenso. Pesa tsitsi!"

Bambo Gondwe sanaseke. Sanandipatse pokhala. Ndinawauza kuti akazi awo sananene mawu aja, ndipo ndinatsegula rekoda pa benchi, pakati pa utuchi. Atamva liwu la mkazi wawo likunena za njinga, dzanja lawo linaima pa thabwa. Koma itatha anapukusa mutu.

"Tepi mumadula, adada. Ngakhale ine ndimadziwa zimenezo. Akutumani kuti mudzazimitse moto. Mawu ngati aja munthu sapeka. Zochapa nsalu mwamuna atachoka, mwamuna angazidziwe bwanji? Ananena ndi mzimayi."

Ananena zoona. Ndinaona kuti rekoda yalephera, fomu yalephera, ndipo Loweruka likubwera. Chinatsala ndi chimodzi chokha.

"Ananenadi ndi mzimayi," ndinatero. "Anali mkazi wanga. Anamwalira."

Nyundo zinasiya kulira. Ndinafotokoza zonse, za chaka chija, za m'chipatala, za mantha ake, pamaso pa amuna atatu osawadziwa. Chinsinsi chimene Elina anandipatsa ali pafupi kufa ndinali nditachimwaza kale pa wailesi m'dzina la munthu wina, ndipo tsopano ndinkachimwazanso m'dzina lake lenileni. Bambo Gondwe anakoka kampando ndi phazi n'kundilozera. Nditakhala anandifunsa, osati mwaukali, koma ngati munthu amene akufunadi kudziwa.

"Chaka chonsecho, inuyo munali kuti?"

Ndinali m'nyumba momwemo. Ndinkachonga makope a ana asukulu, ndinkatsogolera mapemphero a m'mawa, ndinkadziwika kuti ndine munthu wofatsa. Komabe mkazi wanga anasankha kudwala yekha kusiyana n'kundiuza. Mwamuna amene anali patsogolo pangayu anauzidwa tsiku loyamba, anasiya ntchito n'kupalasa njinga, ndipo ine ndinamufufuta m'nkhani n'kumuveka mlandu wanga.

Ndinawauza kuti ndili wokonzeka kukanena zonsezi pa wailesi ndi pakamwa panga. Anaganiza kaye.

"Mukanene kuti mawuwo sanali a mkazi wanga, ndipo munalemba ndinu. Mutchule dzina lanu ngati mmene munatchulira lake. Koma malemuwo asiyeni agone. Mwawavula kale kokwanira." Anatembenukira kwa anzawo aja. "Ndipo inu, zimene mwamva pano zithere pano."

Mawa lake ndinakhala mu situdiyo ya wailesi n'kuwerenga uthenga wokonza cholakwika umene ndinalemba ndekha, Mayi Msiska atauona. Ndinatchula dzina langa kawiri. Kenako a wailesi anaulutsa mawu enieni a NyaLongwe kuchokera mu rekoda, atavomera yekha kuti amveke kamodzi kokha. Lachitatu bambo Gondwe anapita ku Lupaso pa njinga yomwe ija n'kukamutenga. Athenga sanakhalenso pansi Loweruka.

Sikuti zonse zinakonzeka. NyaLongwe anabwera kudzatenga fomu yake yeniyeni mu faelo, ndipo anali ndi ufulu wotero. Namwino uja anandiuza pambuyo pake kuti mayiyo anasiya kubweretsa anzake ku kiliniki, chifukwa ena ankamunong'ona kuti uthenga wokonza cholakwika uja unali wongophimba. Sindidziwa kuti ndi amayi angati amene sanayezetse chifukwa cha ine, ndipo sindidzadziwa. Pa intaneti nkhaniyo inachotsedwa, koma inali italowa kale m'kabuku kena kosindikizidwa kunja. Penapake m'maofesi a mayiko amene sindinapiteko muli nkhope ya NyaLongwe, pansi pake pali mawu a mkazi wanga.

Ndinalandira kalata ya chenjezo, ndipo ndinasaina. Nditanena zosiya ntchito, Mayi Msiska anati, "Kuthawa ayi. Mukhala, muzikonza." Ndinakhala, ndipo ntchitoyi ndaigwira mpaka lero.

Kuyambira pamenepo, ndisanatumize nkhani ya munthu aliyense ndimabwerera kwa iye, kaya kukugwa mvula, kaya Lilongwe ikuyimba foni. Ndimamuwerengera mawu ake onse m'chiyankhulo chake, kenako ndimamufunsa kuti, "A kunyumba kwanu akamva izi pa wailesi, zikhala bwino?" Akakayika, ndimachotsa. Ophunzira a ku yunivesite akabwera kudzaphunzira ntchito amadandaula kuti nkhani zanga zina ndi zouma. Ndimawavomereza. Ya NyaLongwe inalinso youma: anamva, anauza amuna ake, anamutengera pa njinga, anachira. Zinanditengera kuchita manyazi mu shedi ya kalipentala kuti ndione kuti mtima umene ndinkausowa m'nkhaniyo unali pa njinga ija, chiganizo chimene ndinafufuta.