Kagalasi Kamene Ndinamata pa Foni ya Achemwali

Foniyo sinali yanga. Ndiyambire pamenepo, chifukwa anthu a ku Bangwe amene ankandiona nayo mpaka lero amaganiza kuti ndinagula ndekha. Inachokera ku Joni. Anatumiza ndi alamu, mwamuna amene ankafuna kukwatira achemwali anga, atatha zaka kumeneko akusamala maluwa pa nyumba ya bwana wina. Cholinga chinali choti awiriwo azitumizirana mauthenga ndi zithunzi. Achemwali ataona foni yopanda mabatani anachita nayo mantha, n'kundipatsa ine kuti ndiwakonzere. Kumeneko kunali kusungitsa mbuzi kwa fisi.

Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ntchito ndilibe, nthawi yokha ndiye ndinali nayo mbwee. Ndinakagula kava yofiira ku Limbe, yonyezimira ngati pepala la switi. Pa sikirini ndinaikapo chithunzi changa nditavala magalasi akuda obwereka. Anyamata oika nyimbo pamsika anandidzazira memore khadi. Kenako ndinayamba za dongosolo, poti munthu wotsogola sakhala chisawawa. Timapulogalamu ta m'fonimo ndinatisanja m'magulu, gulu lina ndinalitcha Ntchito, lina Bizinesi. Ndinatchera belu loti lizindidzutsa m'bandakucha, ndipo likalira ndinkalizimitsa n'kufundanso, chifukwa kodzukira kunalibe. Pa kalendala chinthu chokha chimene chinalembedwa chinali kukachajitsa foni.

Matenda enieni anabwera ndi mnzanga wina wokonza mawailesi. Anandionetsa kuti m'kati mwa DVD yakufa mumakhala kagalasi kakang'ono ngati khobwe, ndipo ukakaika pa kamera, foni imaona zimene diso la munthu siliona. Abale, ndinapenga nako. Ndinajambula mchere, ubweya wa therere, mutu wa machesi, ntchentche ikusisita manja pa bango. Amayi ankandipeza nditagwada kuseri kwa bafa ndikulondola nyerere, n'kungopukusa mutu kuti sukulu yonse ija mathero ake ndi amenewa.

Vuto linali lakuti kagalasiko ndinkakamata ndi chingamu, ndiye kankagwagwa. Tsiku lina kanagwera m'fumbi, ndinakafunafuna mpaka thukuta kamukamu, ndipo nditakapeza ndinati nkhaniyi ithe lero. Ndinakamata ndi supagulu, pa galasi la kamera penipeni. Nzeru za Fomu 4 zimenezo.

Loweruka la sabata yomweyo kunali chinkhoswe cha achemwali. Alamu sanabwere. Anati akangochoka, pa ntchitopo apeza palowa wina, ndiye mng'ono wawo ndi amene anadzaima m'malo mwawo, monga zimakhalira mwamuna akakhala kunja. Zofunika zonse anatumiza, n'kungopempha chinthu chimodzi: zithunzi, makamaka cha achemwali atavala za chinkhoswe. Nthawi yonseyi achemwali ankakana kuti ndiwajambule, ati alamu adzawaone tsikulo atatchena. Amalume atafunsa zoitana wojambula, ine ndinati kumeneko n'kuwononga chabe, katswiri ali m'nyumba momwemo.

M'mawa wa tsikulo ndinaloza foni kwa azimayi amene ankasenda mbatata panja, n'kuona chifunga chokhachokha. Chilichonse chotalikira kuposa chala chinali mtambo. Ndinayesa chikhadabo, ndinayesa lezala, kagalasi kali gwaa. Kamera ya kutsogolo foniyo inalibe. Alendo ena anali nawo mafoni ojambula, koma kukapempha kukanakhala kudziulula, ndipo ine ndinali nditavala kale jekete.

Basi, ndinajambula mmene ndikanathera. Ankhoswe akusinthana nkhuku, ine ndinakwawira pakati pawo n'kujambula diso la tambala, tambalayo n'kundijompha chala. Atsikana atafunditsidwa zitenje kuti mng'ono wa alamu aloze mkazi wa mkulu wake, ine ndinatolapo ulusi wa chitenje. Pa perekaniperekani ndinapeza m'mphepete mwa lichero. Anthu ankandipatsa njira mwaulemu, ndipo ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti ojambula amakono amatero.

Achemwali tsiku lonse ankangomwetulira. Anavina, anagwadira apongozi, anakhala pa mpando pambali pa mnyamata amene si wawo. Chakumadzulo, anthu akudya, anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndiwajambule chithunzi chija anapempha alamu. Anakonza duku, naima bwinobwino. Ine ndinayandikira. Ndinayandikirabe, mpaka foni inatsala pang'ono kuwakhudza nsidze. Anandifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino, ine ndinati ndi sitayilo, asaphethire.

Chimene chinatuluka ndi diso limodzi, lodzaza sikirini yonse. Nsidze iliyonse inkaoneka payokha, timitsempha tofiira tili yangayanga, ndipo m'munsi mwake munali msozi utadekha, wosagwa. Ine amene ndinazungulira nawo tsiku lonse sindinauone msoziwo. Kunena zoona chithunzicho chinali chokongola ndipo ndinadzimva ukatswiri, koma chinandimvetsanso chisoni kwambiri. Ndinatumiza zonse ku Joni, ndi tambala yemwe, eni ake ndisanawaonetse.

Posakhalitsa foni inalira, nyimbo ya m'mabala ili phokoso pamaso pa apongozi. Anali alamu. Ndinakonzekera kutukwanidwa, koma sanafunse za tambala kapena za ulusi. Anangoti, "Alamu, tawapatseni foni achemwali anuwo. Akulira chiyani?"

Achemwali anailanda m'manja mwanga n'kupita nayo kuseri kwa nyumba. Ine ndinawatsatira chapatali, ndikudandaula kuti angandikandire kava. Poyamba ndinawamva akuseka, akuti palibe chilichonse, ndi utsi wa nkhuni. Anabwereza za utsizo kangapo. Kenako anatsamira khoma, n'kuyamba kuyankhula motsitsa mawu.

"Zovala ndalandira, foni ndalandira, tambala wanu talandira. Koma lero ndakhala pambali pa mng'ono wanu anthu akuimba nthungululu. Bwerani kuno, ndatopa. Ine sindikwatiwa ndi foni."