Mabuleki a Injiniya Nzunga

A Dyton Nzunga a ku Mlangeni anagwira ntchito pa galaja ina yaikulu ku Blantyre kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitayamba kuwatuluka. Zimenezo n'zoona ndipo palibe angatsutse. Chimene iwo sankatchula n'chakuti ntchito yawoyo inali ya pageti. Anali mlonda. Ankatsegulira galimoto zolowa zikutsokomola, n'kutsekera zotuluka zitachira, ndipo pakati pa ntchito ziwirizo ankatsamira chipata n'kumaonerera amakaniko akulimbana ndi malole.

Matipate atabwera, galajayo inagulitsidwa, mwini wake watsopano n'kubweretsa alonda a mayunifolomu ndi agalu. A Nzunga anabwerera kumudzi ndi akazi awo a Nangozo, sutikesi yamalata, ndi ovolosi yabuluu imene makaniko wina anaiwala pamsomali. Bodza linayambira pa ovolosiyo. Ataivala kupita kumsika, munthu wina anawafunsa kuti, "Kodi kutauni kuja munali makaniko?"

Iwo anaseka ngati munthu amene wapeputsidwa. "Makaniko? Amakanikowo ndinkawatuma ine."

Nazonso zinali zoona pang'ono, chifukwa nthawi zina ankawauza kuti abwana akuwaitana.

Kuyambira pamenepo dzina lawo linasanduka a Injiniya. Ankalima mbatatesi ngati wina aliyense, koma akakhala m'mbali mwa msewu waukulu lole ikamadutsa, ankapendeketsa mutu, n'kutsinzina diso limodzi. "Imveni iyo, giyabokosi yatha. Siifika ku Dedza." Loleyo inkakhala itapita kale, ndiye kunalibe woitsatira kuti akaone ngati yafika. Wina akabwera ndi njinga yothyoka kapena wailesi yosalankhula, ankamubweza mwaulemu. "Pepani, zing'onozing'ono ine sindigwira. Manja angawa anazolowera zikuluzikulu." Poti m'mudzimo munalibe chachikulu chilichonse choposa ngolo, a Injiniya anakhala pa mtendere zaka zambiri.

Mtenderewo anausokoneza ndi mwana wawo yemwe. Raymond, amene ankagwira ntchito ku Joni, anawatumizira pikapu yoyera, yogwiritsidwapo kale ntchito, kuti azinyamulira mbatatesi. Kuyendetsa ankakudziwa, poti pagalaja paja ankasuntha galimoto pabwalo anthu akaweruka. Anayamba kutsika ndi matumba kupita kuboma, nthawi zina mpaka ku Manjawira, chigongono chili pawindo. Koma misewu ya kumapiri kuno imadya mabuleki ngati chiswe. Pasanathe chaka pikapu ija inayamba kulira ikamaima, kulira kwake kwa nkhumba yogwidwa mwendo.

"Abambo ake a Raymond, pitani nayo kuboma akaione," anatero a Nangozo.

"Akaione ndani? Ana adzulo aja? Anthu amva kuti ine ndapereka galimoto kwa makaniko, ndiye aziti chiyani?"

Pakamwa pokha ndi pamene panali polimba. Chinthu chachikulu chija chinali chitafika pakhomo pawo penipeni, ndipo panalibenso kothawira. Anapita kuboma n'kukagula zitsulo za mabuleki: mapadi akutsogolo ndi mashuzi akumbuyo. Pogulapo anamufunsa wogulitsayo mafunso mokhala ngati akumuyesa nzeru, uku akusunga yankho lililonse mumtima.

Anafuna kuti ntchitoyo aigwire mwakachetechete kuseri kwa nyumba. Koma a Nangozo anali atapita kuchigayo dzulo lake, ndiye Loweruka m'mawa, nkhungu isanachoke n'komwe, anthu anayamba kufika atafunda zitenje ndi majekete, ena atanyamula mipando yawo. Kutsogolo kwenikweni kunakhala alamu awo, a Jasper, achimwene awo a Nangozo, munthu wolankhula mofatsa ngati akupepesa maliro, koma mawu ake oluma ngati linthumbu.

"Lero tionako za ku Blantyre, alamu," anatero a Jasper.

Kutsogolo zinayenda bwino mpaka eni ake anadabwa. Anakweza galimoto pa jeke, n'kuchotsa tayala. Anamasula maboti, nasolola mapadi akale amene anali atatha mpaka chitsulo chikuwala. Anakankhira pisitoni, kachitsulo kamene kamafinya mapadiwo, m'kati ndi chitsulo chophwetsera matayala, monga ankaonera amakaniko aja, n'kulowetsa atsopano. Anachita chimodzimodzi mbali inayo. Amayi ena anaomba m'manja. A Nzunga anaimirira, n'kupukuta manja pang'onopang'ono, ndipo kwa kanthawi iwo eni anakhulupirira kuti mwina pageti paja anangoikidwapo molakwika.

"Izi ndi zamasewera," anatero. "Tinkachita izi tikumwa tiyi."

Kumbuyo kunali nkhani ina. Kumeneko mabuleki amabisala m'chitsulo chonga mphika chimene amati dilamu, ndipo dilamuyo inakana kutuluka. Anaimenya ndi hamala mpaka agalu a m'mudzi anayamba kuuwa. Itatuluka, fumbi lakuda linawathira kumaso, ndipo atatsegula maso anaona zimene pageti paja sankaziona bwinobwino: mashuzi awiri okhota, masipuling'i aatali ndi aafupi atakolanakolana, kachitsulo kamano, ndi waya wa handibuleki atakowedwa penapake mosadziwika.

"Alamu," anatero a Jasper, "bwanji osamasula mbali imodzi yokha, kuti inayo muzionerapo pobwezera?"

Anali malangizo abwino, ndipo a Nzunga anadziwa zimenezo. Vuto linali lakuti anachokera kwa munthu woweta ng'ombe, pamaso pa gulu.

"Woonera kwa mnzake ndi mwana wasukulu, alamu."

Anamasula mbali zonse ziwiri. Sipuling'i ina inadumpha n'kukagwera m'khola la nkhumba, anthu n'kuthandizana kuifunafuna m'matope. Zitsulo zonse anaziunjika m'lichero limodzi. Pofika masana, atatenga mashuzi atsopano kuti ayambe kumanga, mutu unali mbee. Akakola uku, uko kukumasuka. Akatembenuza shuzi, dilamu ikukana kulowa. Sipuling'i inawang'amba chala, iwo n'kuchiyamwa mwakabisira.

"Zitsulo za masiku ano ndi za demokalase," analengeza motero, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. "Kale chitsulo ukachiuza kuti khala apa, chimakhala. Izi chilichonse chili ndi ufulu wake."

Akuluakulu anagwedeza mitu, chifukwa mawu otere m'masiku amenewo ankalowa paliponse, kaya nkhani ndi ya feteleza, kaya ya ana osamva. Koma dzuwa litapendeka anthu anayamba kunyamula mipando yawo mmodzimmodzi, ndipo pikapu inagona pa njerwa, matako ali m'mwamba.

Inakhala choncho masiku angapo. A Nzunga ankadzuka m'mawa, n'kukhala pansi pambali pake ngati munthu wodwazika matenda. Pomaliza anapanikiza zonse mpaka madilamu analowa. Waya wa handibuleki anakana kukoleka, ndiye anangomupinda n'kumusiya m'katimo. M'lichero munatsala masipuling'i ndi kachitsulo kamano kaja. Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anaziika m'thumba n'kukaziponya m'chimbudzi.

"Opanga galimoto amaikamo zambiri dala," anadziuza okha, "kuti ife tizingogula."

Anamaliza pa nthawi yake, chifukwa Loweruka lotsatira kunali ukwati wa Malita, mwana wa a Jasper, kumusi ku Kandeu, ndipo pikapu ya a Injiniya ndiyo inayenera kunyamula amayi ndi mphatso. M'mawa mwake amayi anasonkhana atatchena zitenje zofanana, madengu ali pamutu. Atati ayambe kukwera, a Nangozo anawaletsa.

"Tiyeni titsike wapansi, tikakwerera kunjira. Abambo atipeza komweko."

"Chifukwa chiyani, Nangozo?" anafunsa amuna awo.

"Miyendo iwongoke," anayankha motero osawayang'ana.

Nyumba ya a Nzunga inali pamtunda. Kanjira kake kankatsika molunjika, ndipo kumusi kwake, pamene kamakhotera, panali uvuni wa njerwa zomangira tchalitchi chatsopano. Wapampando wa komiti ya zomangamanga anali a Nzunga omwewo, poti udindo wotere ukanaperekedwanso kwa ndani pamene injiniya alipo?

Anavala jekete yawo yakuda, nachotsa mwala kutayala, n'kulowa msangamsanga. Galimoto inayamba kutsetsereka. Anaimba hutala kuti amayi aone. Atafika pakati pa chitsetse anaponda buleki, phazi n'kungolowa mpaka pansi ngati aponda nthochi yakupsa.

Makaniko aliyense akasintha mapadi amayamba wapopa buleki ndi phazi kangapo, galimoto ili chiimire, mpaka italimba. A Nzunga anali ataonerera amakaniko kwa theka la moyo wawo, koma munthu ali pageti saona zimene mapazi akuchita m'kati mwa galimoto.

Anakoka handibuleki, iyo n'kubwera yonse mpaka m'khwapa. Anaiwala magiya, anaiwala kiyi, anaiwala ngakhale pemphero. Anangotulutsa mutu pawindo.

"Chokani! Chokani amayi inu! Mayo ine!"

Amayi anabalalika ngati nkhanga, madengu akugubuduka, ufa uli tolotolo m'njira. Pikapu inawadutsa, inakana kukhota, n'kukalowa mutu mu uvuni muja. Kunamveka chiphokoso, fumbi lofiira n'kukwera, kenako njerwa zinayamba kugwera pa boneti imodziimodzi ngati sizikufulumira.

Woyamba kufika anali a Jasper, atavala suti ya bambo wa mkwatibwi. Anasuzumira pawindo. A Nzunga anali moyo, atagwirabe chiwongolero, dzino limodzi lakutsogolo litatsala penapake pansi pa mpando.

"Mwavulala, alamu?"

"Ayi."

"Tithokoze Mulungu." A Jasper anayang'ana galimoto, nayang'ana njerwa. "Koma yaima ndithu, alamu. Ntchito munaigwira."

Amayi anapita ku Kandeu pa lole ya matola, n'kufika anthu atayamba kale perekaniperekani. Nkhani inafika kumeneko iwo asanatsike n'komwe. Pikapu anaikoka kupita nayo kuboma. Makaniko wakumeneko atatsegula madilamu anaitana anzake kuti adzaone.

"Madala, anagwira izi ndani?"

"Mnyamata wina wakumudzi," anayankha a Nzunga, mphepo ikutulukira pa dzino losowalo. "Wosadziwa ntchito."

"Ameneyo musadzamupatsenso sipanala. Ngakhale supuni muzimuyang'anira."

A Nzunga anavomereza kuti ana a masiku ano ndi otero.

Atabwerera kunyumba anakhala pakhonde mpaka akazi awo anawabweretsera madzi otentha amchere oti achukuche m'kamwa.

"Nangozo, dzina langa lapita. Tsopano anthu ayamba kukayika ngati ndinalidi injiniya."

A Nangozo anaika kapu pansi n'kukhala pamkeka. "Ayamba lero? Abambo ake a Raymond, mudzi wonse umadziwa kuti munali mlonda."

"Anawauza ndani?"

"Ine. Mwezi womwe tinafika uja. Amayi anandifunsa kuti nanga mkazi wa injiniya akusoweranji nsapato, ndiye ndikanati chiyani?"

A Nzunga anaponya maso kumsewu. Anaganiza za zaka zonse zija m'mbali mwa msewu, anthu akuwafunsa mwaulemu kuti lole iyo ikudwala chiyani, nkhope zili zii.

"Nanga bwanji ankanditchula kuti a Injiniya?"

"Galu wa achimwene si uja amamutchula kuti Bwanamkubwa? Munamuona akulamula boma?"

Akulu ampingo sanawachotse pa upampando. Anangogwirizana kuti popeza wapampando ndi amene anaphwanya njerwa, wapampando yemweyo aumbe zina. Chilimwe chonsecho a Nzunga anachithera kudambo, matope mpaka m'maondo, anthu odutsa akuwapatsa moni waulemu: "Yakula ntchito, a Injiniya!" Iwo ankayankha, chifukwa kusayankha kukanakhala kuvomera. Pikapu inabwerako mabuleki ake akugwira bwino lomwe, koma kwa nthawi yaitali inkangonyamula mbatatesi zokha, poti mbatatesi sizifunsa amene anakonza.

Munthu wina akanaphunzirapo. Koma chaka chotsatira mjigo wa m'mudzimo utayamba kutulutsa madzi movutikira, a Nzunga anatulukira m'mawa atanyamula sipanala ndi hamala, akuyenda ngati dokotala woitanidwa. Amayi amene anali pamenepo anayang'anana. Osapangana, anatula zidebe zawo n'kukhala pansi kuzungulira mjigowo, miyendo atatambasula.

"Tapatukani ndiuone," anatero a Nzunga. "Ndaumva kulira kwake ndili kunyumba. Ndi kanthu kakang'ono."

Palibe anasuntha. Mayi Sellina, amene dengu lawo la ufa linatayika tsiku la ukwati lija, ndiwo anayankha, atagwada mwaulemu wonse.

"Pepani a Injiniya, musavutike. Madziwa tikuwafunabe."